Buledi Wowawasa wa Amayi Edita

Inali folo koloko, nthawi ya tiyi, ndipo banja la aShawa linali pakhonde monga mwa masiku onse. Dzuwa la Okutobala linali litapendeka, koma kutentha kunali kusanachoke. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango osapuma, moti munthu akakhala chete nthawi yaitali ankaiwala ngati phokosolo lili panja kapena m'mutu mwake. Kuseri kwa minda youma ya ku Mtenguleni mapiri ankaoneka ngati akuyandama pa utsi.

Zelipa anathira tiyi, nagwada kupereka kapu yoyamba kwa atate ake. A Enoch Shawa, amene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu asanapume pa ntchito, anailandira ndi manja awiri. Inali kapu ya alendo, chifukwa kapu yawo yachitsulo, yoyera ya mlomo wabuluu, inali itasowa masiku atatu apitawo. Mbatata imene inali pa mbale anangoiyang'ana.

"Kachidutswa kamodzi kokha, Atate," anatero Zelipa.

"Ndadya kale, mama."

"Mwadya liti?"

"Dzulo."

Joshua, mchimwene wake wa Zelipa, anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Mkazi wake Rhoda anawerama, namangosuntha mbale ija uku ndi uku.

Chimwalirire akazi awo, amayi Edita, m'mwezi wa Juni, aShawa ankadya ngati mbalame. Lamba wawo anali ataboolanso kawiri ndi msomali. Ku kiliniki anali atanena kuti mankhwala sangagwire ntchito m'mimba mopanda kanthu. Ndiye chifukwa chake Zelipa, amene ankatayipa makalata pa ofesi ina ku Chipata, anapempha masabata awiri kuti adzakhale kumudzi. Tsopano linali Lachitatu, ndipo Lolemba anayenera kubwerera ku ntchito.

Tsiku limene anafika anabweretsa buledi wa m'sitolo. Atate ake anamudina ndi chala, naona akubwerera m'malo mwake.

"Thonje ili," anatero. Kenaka anawonjezera, akuyang'ana kumapiri: "Amako ankaphika buledi wolemera, wowawasa pang'ono, wa khungu lolimba. Ujayo ndiye ndikanadya."

Pa zakudya zonse za pa dziko, chimenechi chokha ndicho anachitchula ndi pakamwa pawo.

Buledi ameneyo sankafuna yisiti wa m'sitolo. Amayi Edita anaphunzira kaphikidwe kake ali mtsikana ku mishoni ya Madzimoyo, ndipo ankasunga chotupitsa chawo m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lomwe kale munkakhala maswiti. Matenda atawafooketsa manja zaka zitatu zapitazo, analeka kukanda, chotupitsacho chinauma ndi kufa. Zelipa analipeza botololo pamwamba pa kabati, lodzaza fumbi. Anayesa kukumbukira zimene ankaona ali mwana, mutu wake ukungofika pa thebulo: masupuni atatu a fulawa, madzi a pachitsime, kachimera pang'ono kotsina ndi zala, kutakasa, kuvundikira ndi kansalu. M'mawa uliwonse kuchotsako theka ndi kuthiramo fulawa ndi madzi atsopano. Amayi ankati kumeneko ndi kuchidyetsa.

Sanauze munthu aliyense, poopa kulonjeza atate ake chinthu chimene mwina sichikanatheka. Analibisa botololo m'khitchini, kuseri kwa mtsuko, namanga ulusi pomwe phalalo linalekezera. Masiku awiri oyamba linangokhala phee. Tsiku lachitatu munaoneka timaso ting'onoting'ono tathovu. Tsiku lachinayi fungo linatuluka, ndipo Zelipa atatsinzina anaona amayi ake ali chilili pa thebulo, fulawa mpaka m'zigongono, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. M'mawa wa lero phalalo linali litakwera zala zitatu kupitirira ulusi. Madzulo ano anati akande, mawa aphike.

Tiyi atatha, anasonkhanitsa makapu napita kuseri. Asanafike n'komwe pa khomo la khitchini, anaima. Pa thandala, pakati pa mapoto, panali botolo lija, lovundikirika chafufumimba, lotsukidwa bwino ndi phulusa, dzuwa likudutsamo ngati mulibe galasi.

"Ndakuthandizani, alamu," anatero Rhoda, akubwera pambuyo pake ndi ketulo. Anatsitsa mawu. "Thobwa lanu lija linasasa. Linali litayamba kale kununkha zinazake."

"Thobwa?"

"La kuseri kwa mtsuko. Ine posesa ndangomva fungo, ndati ha, masese enieni! Mawa Lachinayi amayi a Chigwirizano akubwera kudzapemphera ndi Atate, ndipo mukuwadziwa, salephera kulowa m'khitchini. Amayi Sesiliya mphuno yawo imamva nyemba zikupserera kutsidya kwa dambo. Akanati pakhomo pa mkulu wa mpingo pakufululidwa mowa."

Joshua, mkulu wa mpingoyo, anali atabwera kudzatenga nkhwangwa. "Ndani akufulula?" anafunsa akumwetulira. "Zelipa? Za m'tauni zimenezi? Undiuziretu, mlongo, ndikadzitule ndekha ku msonkhano wa akulu."

"Mwachitaya kuti, alamu?" Zelipa anafunsa.

Rhoda analoza pansi pa nthochi. Panali pongonyowa pang'ono, ndipo nkhuku ziwiri zinkapukuta milomo yawo m'fumbi.

"Sichinali thobwa," anatero Zelipa pang'onopang'ono. "Chinali chotupitsa cha buledi wa amayi. Lero linali tsiku lachisanu ndi chiwiri."

Kumwetulira kwa Joshua kunatha. Iye anali kumudziwa bulediyo. Koma Rhoda anakwatiwa pakhomopo kuchokera ku Chipangali amayi Edita ataleka kale kuphika, ndipo botololo sanalionepo lili ndi kanthu. Anaika ketulo pansi, nagwira pakamwa.

"Mayo ine! Bwanji simunandiuze?"

Zelipa anakakhala pa mtondo wogonekedwa pafupi ndi nkhokwe. Cholakwa chinali cha onse awiri, ndipo kukalipa kunali kotopetsa pa kutentha kotere. Atayambanso lero, chotupitsa chidzakhwima iye ali kale ku Chipata, zala zili pa makina, atate ake akuboola lamba kachitatu. Anayang'ana nkhuku zija. Zinali zitagona pa mthunzi, maso otsinzina, ndipo m'maganizo mwake anaziona zikutupa pang'onopang'ono, kuzungulira ngati mabuledi, n'kunyamuka mwakachetechete kudutsa pamwamba pa nthochi kulowera kumapiri. Anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndiyo inatsika.

Anamva ndodo ikugogoda pansi. Atate ake anali ataima pa ngodya ya nyumba, ndipo zinali zoonekeratu kuti amva zonse.

"Mama, tabwera undithandize kutsegula windo. Lalimba."

Zelipa anapukuta nkhope ndi chitenje nawatsata. M'chipinda mwawo munali mdima wozizirira. Windo linali lotsegula kale. Ndipo fungo lija linalimo, lowawasa, lofunda, ngati amayi angotuluka kumene.

AShawa anasuntha buku lawo la nyimbo pa windopo. Kuseri kwake kunali kapu yoyera ya mlomo wabuluu, yovundikiridwa ndi kampango kawo ka m'thumba. Zelipa anachotsa kampangoko. Phala linali litafika pafupi ndi mlomo wa kapu, lodzaza timaso, ndipo akuyang'ana choncho kathovu kamodzi kanakwera n'kuphulika.

"Atate!"

"Tsitsa mawu. Ukufuna mudzi wonse udziwe kuti aphunzitsi Shawa amagona ndi fungo la masese kumutu?"

"Munachidziwa bwanji?"

"Zaka makumi anayi ndakhala ndi fungo limeneli m'nyumba. Ungandibisire kuseri kwa mtsuko?" Anakhala pa bedi mosamala. "Lamulungu, inu muli ku tchalitchi, ndinalimva ndili pakhonde. Ndinayesa ndikulota. Ndinalitsata mpaka m'khitchini, ndinatapako masupuni awiri."

"Ndiye mwakhala mukuchidyetsa?"

"M'mawa uliwonse, iwe ukapita ku chitsime. Fulawa wako ndakhala ndikumuba, undikhululukire. Amako sankasunga chotupitsa malo amodzi. China chinkakhala kwa aNamiti kutsidyaku, kuti cha kuno chikafa akatengeko. Iwe unali mwana, zimenezo sunazione."

"Nanga kapu yomwe alamu akhala akuifunafuna mpaka ku khola la mbuzi?"

"Ndinawamvera chisoni," anatero aShawa, "koma sindikanatha kunena."

Zelipa anaseka, nanyamula kapuyo ndi manja awiri ngati yodzaza mazira.

Anakanda dzuwa likulowa, panja pa khitchini pomwe kunali kukadawala. Rhoda anagwada n'kugwira beseni kuti lisasunthe, ndipo sanaleke kupepesa mpaka Zelipa anamuuza kuti athire mchere. Zelipa anayamba atapatula supuni imodzi ya chotupitsa n'kuibwezera m'botolo lija pamodzi ndi fulawa ndi madzi. Chotsalacho chinalowa m'beseni la fulawa. Poyamba zinkamata m'zala, zosamvera. Zelipa anakankha ndi zikhatho, napinda, natembenuza, nakankhanso, ndipo patapita nthawi manja ake anayamba kuchita okha zimene mutu unali utaiwala. Atate ake anali pa mpando wawo chapafupi.

"Usawonjezere fulawa," anatero. "Amako ankanyowetsa manja."

Ananyowetsa manja. Mtandawo unasalala, nukhala wofewa ngati tsaya la mwana. Anadzoza poto wachitsulo wa miyendo itatu ndi mafuta a saladi, naugoneka m'menemo, navundikira ndi nsalu yonyowa.

"Ndiye basi?" anafunsa Rhoda.

"Basi. Tsopano ugone."

Kutacha, nkhunda zikulira pa denga la nkhokwe, Zelipa anakavundukula nsalu. Mtanda unali utafufuma mpaka kupitirira theka la poto. Anaudina ndi chala, ndipo dzenjelo linabwerera mwaulesi, osafika n'komwe. Joshua anali atakoleza kale makala osauzidwa ndi munthu. Zelipa anacheka mzere umodzi pamwamba ndi mpeni, natseka chivundikiro, nayala makala ochepa pansi pa poto ndi ambiri pamwamba, monga amachitira ndi chikondamoyo.

Kenaka kunali kudikira. Rhoda anasesa bwalo lomwe anali atasesa kale. Joshua ananola nkhwangwa yakuthwa kale. Utsi wopyapyala unkakwera molunjika chifukwa kunalibe mphepo, ndipo fungo litayamba kutuluka linayenda pang'onopang'ono pabwalo lonse, kulowa pa makomo, kukhala pa zovala zoyanikidwa. Zelipa anaona atate ake atatsinzina pa mpando, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuyankha munthu. Sanawadzutse.

Atakokolola makala n'kutsegula, buledi anali wofiirira, atang'ambika pa mzere uja, mbali imodzi atada pang'ono. Anamugogoda kunsi ndi chala, namva akulira ngati ng'oma yaing'ono. Anafuna kucheka pomwepo.

"Ayi," anatero atate ake, maso atatsegula. "Ayambe wapuma."

Anadikiranso mpaka tiyi anapsa. Zelipa anathira m'kapu yoyera ya mlomo wabuluu, imene Rhoda anali ataitsuka, nacheka chidutswa cha kunsonga, nagwada. AShawa anachinunkhiza nthawi yaitali. Ananyema kachidutswa, nakaviika mu tiyi, naika m'kamwa. Anatafuna, nameza, nanyemanso.

"Buledi ali bwanji, Atate?" Joshua analephera kupirira.

"Mchere wachepa."

"Ndine ndinathira," anatero Rhoda mwamanyazi.

"Mudzathire wokwanira ulendo wamawa, apongozi." Anatola nyenyeswa pa bondo lawo ndi nsonga ya chala, nazidya. Kenaka anatambasulira mbale kwa Zelipa. "Cheka china, mama. Chokhuthala."

Zelipa anacheka, osakweza maso, kuopa kuti akawayang'ana aleka. Chachiwiricho chinathanso.

Pambuyo pake anatengera Rhoda kukhitchini kukamusonyeza kadyetsedwe: kuchotsako theka, masupuni atatu a fulawa, madzi a pachitsime, kutakasa. Botolo analiika poyera, pa thebulo, ndipo anagwirizana kuti china chikakhale m'nyumba ya Rhoda.

"Nanga amayi Sesiliya akafunsa?" anatero Rhoda akumanga ulusi.

"Muwapatse buledi."

Panja aShawa anaitana kuti wina abweretse jekete lawo. Kumusi kwa njira, pakati pa minda, amayi a Chigwirizano anali ataonekera, mabulauzi oyera akuwala pa dzuwa, akuyenda mondondozana ndi maambulera awo. Zelipa anatulutsa mphasa ziwiri nayamba kuziyala pansi pa mtengo wa mango.