Mapilo Pamwamba pa Kabati

Mayi Chitsulo anali asanagonepo m'chipatala, ndipo aliyense woyandikana nawo nyumba ankadziwa zimenezi, chifukwa ankamuuza kaya wafunsa kaya sanafunse. Dzinalo linachokera pomwepo. Ati ana awo onse ankawabereka lero, mawa n'kubwerera ku ntchito yawo yochapa ndi kusita ku hotela. Bodza limeneli linali litakalamba pamodzi ndi eni ake, moti panalibenso wolitsutsa.

Tsono mwana wawo, dalaivala wa malole amene ankatha milungu ali pamsewu, anawaitana kuti adzathandize mkazi wake amene anali atangobereka mwana woyamba. Mayiwo anabwera ndi chikwama chimodzi ndi pakamwa pawo.

Zimene anapeza zinawanyansa. Mtsikana wabwinobwino, kungokwera masitepe a pakhomo, wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi agalu. Mapazi otupa, osalowa m'nsapato. Pabedi pake panali mulu wa mapilo, iye n'kumagona chotsamira.

"Make mwana, kodi mumagona kapena mumadikira wokujambulani?"

"Ndikagona chagada ndimabanika, amayi."

"Mumabanika. Pepani, bwana. Ife tinkabanika ndi nthunzi ya simbi, mwana ali kumbuyo."

Tsiku lomwelo anakwera pampando n'kuponya mapilo onse pamwamba pa kabati, pamene munthu wa phuma sangafike. Ati ulesi umalowera kumsana. Kuyambira pamenepo mpongoziyo kunkamuchera ali pampando wapulasitiki, mutu pathebulo, akutsokomola. Mayi Chitsulo ankauza anzawo pampanda kuti ana amasiku ano makani ndiye ayi, ngakhale bedi amalinyanyala.

Tsiku lopita ndi khanda kusikelo, namwino anasiya khandalo n'kuyang'ana mapazi a mayi wake. Anadina ndi chala pamwamba pa kakolo, dzenje n'kutsala pomwepo. Anawauza kuti apite pompo kuchipinda cham'mwamba, kumene amaona matenda a mtima a amayi okhaokha.

"Mtima wa amayi," anang'ung'udza Mayi Chitsulo pamasitepe, mpongozi wawo akupumira pa sitepe iliyonse. "Ngati kuti mtima umavala siketi."

Pabenchi panali amayi ambiri, ena oyembekezera, ena aimvi. Mayi Chitsulo anawayeza onse ndi maso n'kupeza kuti palibe wodwala. Kwa iwo onsewo anali othawa ntchito zapakhomo basi.

Dokotala anali mayi wamagalasi, wosachedwa ndi malonje. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana kwa mtsikanayo, kenako anafunsa, "Mumagona ndi mapilo angati?"

Mtsikanayo anaponya diso kwa apongozi ake. "Palibe, adokotala."

"Ndiye mumagona chagada, osavutika?"

Mtsikana uja anagwetsa maso pansi. Apa Mayi Chitsulo anaona kuti nthawi yoti ayamikiridwe yakwana. Anakonza mwana pamiyendo n'kukweza mawu kuti ndi a pabenchi omwe amveko.

"Ankagona ndi mulu wonse, adokotala. Ndinachotsa ndine. Chichotsereni akungondichitira mwano, akugona pampando. Muwauze ndinu, mwina inu akumverani."

Dokotala anawayang'ana mmene munthu amayang'anira chimene waponda ndi nsapato yatsopano. Anagoneka mtsikanayo chotsamira, anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, mtima n'kuoneka pa kanema ukugunda mwaulesi ngati dzanja lotopa kufinya chovala.

"Mtima wanu wafooka," anatero dokotala, akulankhula ndi wodwala yekhayo. "Zimachitika kwa amayi ena akangobereka, ngakhale achitsikana amene sanadwalepo. Ukulephera kupopa bwino, ndiye madzi akudzaza m'mapapo. Mukagona chagada zimakhala ngati mukumira. Mpando umenewo ndi umene wakusungani. Kunyumba simubwerera lero."

"Achira koma?" Mawu a Mayi Chitsulo anatuluka aang'ono, osawayenera n'komwe.

"Ambiri amachira akabwera msanga. Awa achedwa. Tiyesetsa."

Mantha anawagwira Mayi Chitsulo, mantha enieni. Anakumbukira kutsokomola kuja, kumene iwo ankakumva kuseri kwa khoma n'kumatsonya. Anaganizanso za mwana wawo, ali kutali ndi lole yake, amene anawasiyira mkazi wamoyo.

Kutacha anasiya khanda kwa mayi woyandikana nawo. Anakweranso pampando uja, mawondo akulira, n'kutsitsa mapilo aja atadzaza fumbi. Anawakuntha, anachapa nsalu zake n'kuzisita mpaka makona anaima ngati a ku hotela. Ntchito imeneyi yokha, tisawanamizire, ankaidziwa. Anawamanga m'nsalu n'kukwera nawo basi, akukangana ndi kondakitala amene ankati katunduyo akudya malo a munthu.

M'wodi anapeza mpongozi wawo ali pabedi lokwezedwa kumutu, timapaipi ta mpweya m'mphuno. Nkhope inali itaphwa pang'ono. Mayi Chitsulo anamasula mtolo uja n'kuusendeza pafupi.

"Ndabwera nawo, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kumutchula choncho, ndipo mawuwo anawakhala m'kamwa ngati mano obwereka. Mtsikanayo anayang'ana mapilo oyerawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana eni mtolo. Anakoka mpweya kawiri kuti mawu akwane.

"Kawabwezereni pamwamba pa kabati, amayi. Angandiphunzitse ulesi."

Anatembenuzira nkhope kuwindo. Mayi Chitsulo anatsala chiimire, mapilo ali m'manja, kusowa powaika, mpaka namwino wokankha kangolo ka mankhwala anawapempha kuti asunthe chifukwa akutseka njira.