Masiki ya a Dalaivala

A dalaivala anagonekedwa m'chipatala atatsetsereka m'bafa n'kuthyoka mwendo. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali mwendowo ayi. Anali mano awo akutsogolo, oikirira aja, amene anatsala m'kachitini ka polishi kuseri kwa wailesi. Chilowereni m'banja, ankawavula mobisa n'kuwavalanso akazi awo asanadzuke, ndipo ankanyadira kuti mayiwo sadziwa kanthu.

Mwayi wake, m'tauni munali mutabuka matenda opatsirana. Achipatala analetsa zodzaona odwala m'wodi, ndipo aliyense ankavala masiki. Odwala anzawo ankadandaula, koma a dalaivala ankaikonda masikiyo ngati malaya atsopano. Nthawi yakudya ankakoka katani kuzungulira bedi lawo. Amene anaona chibwanocho chili pululu anali anamwino okha.

"Sisitala, zimenezi zisatuluke m'chipinda muno," anawapempha.

"Za wodwala ndi za wodwala, bambo," anayankha anamwino.

Bedi lawo linali pazenera. Masana aliwonse akazi awo ankaima panja, pakati pa maluwa, atanyamula kachikwama, n'kumalankhulana nawo pafoni kwinaku akuyang'anana pagalasi.

"Tatsitsani kansaluko ndikuoneni nkhope, bambo. Zenera ndi lotseka."

"Malamulo, mayi," ankatero a dalaivala, munthu amene pamsewu ankaona malamulo ngati nkhambakamwa.

Tsiku lina anamwino anakoka katani, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Akazi anu andigwira pageti. Akuti mawu anu akumveka mwachilendo, ndiye mwina pakamwa panapindika ndi sitiroko ife tikubisa. Ine sindinanene kanthu, koma apita akulira."

A dalaivala zinawapweteka. Anachita manyazi kuti mayi amene wawasamala moyo wonse akulira chifukwa cha mano. Anaganiza zowatuma anamwino kuti akanene, koma anaona kuti umenewo ndi mantha.

Mawa lake mayiwo atafika, maso ali otupa, a dalaivala anatsitsa masiki ija. Anamwetulira, mpata wonse uli poyera, kudikira kuti akazi awo adzidzimuke.

Mayiwo anayang'anitsitsa, kumanja, kumanzere. Kenako anayamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Ndi zokhazi? Pakamwa pali bwinobwino chonchi?"

"Mayi, mano anga aja si anga," anavomera a dalaivala motsitsa mawu.

Akazi awo anapisa m'kachikwama, n'kutulutsa kachitini ka polishi. Anakagogoda pagalasi.

"Ndakhala ndikubwera nako tsiku lililonse. Mumayesa amakatsuka ndani kachitini kameneka? Wailesi?"

"Munkadziwa? Nanga bwanji simunawapatse anamwino andibweretsere?"

"Kuti anthu adziwe zanu? Ine ndakusungirani zaka zonsezi, ndikaulule lero kwa mwana wa eni?"

A dalaivala anaseka, pakamwa pali yasa, osabisanso. Wodwala wa bedi loyandikana ndi lawo anasuzumira kuseri kwa katani kufuna kumva nkhani, koma anamwino anamubweza ndi diso. Kenako anamwinowo anatuluka kukalandira kachitini kaja, atakonza nkhope ngati sakudziwa zimene zili m'katimo.

Mayiwo anawapatsa atakakulunga m'kampango.

"Ndi polishi wa nsapato, mwana wanga," anatero. "Abambo anuwa amakonda kutchena."