Mfuti Nambala 14

Anthu ena sukulu imawachotsa umbuli, ena imangowagulira umbuli wodula. Rowland anali m'gulu lachiwirili. Misozi, mlongo wake wamkulu amene anamubereka kumbuyo ali khanda ku Ndirande, anazindikira zimenezi tsiku lomwe anafika kunyumba kwake ku Wakefield m'chaka cha 2006.

Misozi anali atapempha boma la Britain kuti limusunge ngati wothawa kwawo, ndipo yankho linali lisanabwere. Ntchito sankaloledwa kugwira. Chimene anali nacho ndi kachipinda kamene mlongo wakeyo anamupatsa. Akanachoka pamenepo, boma likanamuponya mzinda uliwonse, pakati pa anthu osawadziwa. Choncho ankayenda monyang'ama m'nyumbamo, kuphika, kuchapa, kukolopa, kuti asaoneke mtolo.

Rowland ankakwera sitima kupita ku ofesi ku Leeds, tayi pakhosi, koma mtima wake unali pakhoma la pabalaza. Pamenepo anapachikapo mfuti zakale. Musaganize kuti zinali zoopsa. Zonse zinali zofula ngati nkhumba za m'khola, zotsekedwa kukamwa monga mwa lamulo, moti ngakhale khoswe sakanazithawa. Chimene bamboyo ankazikondera si kuwomba ayi, koma manambala amene anadindidwa pa chitsulo ku fakitale. Nambala ikachepa, ndiye kuti mfutiyo inali m'gulu la zoyamba kupangidwa, ndipo Rowland ankanjenjemera nayo.

Mwana wokondedwa pa zonsezo inali mfuti ina yadzimbiri, yomwe ankati inagwirapo m'manja mwa asilikali a Keyala, a nthawi ya atsamunda. Nambala yake inali 14, yofufutika kale ndi ukalamba, yooneka pokhapokha utayandikiza diso. Munthu amene sankadziwa tsiku lobadwa la mayi ake ankatchula nambala imeneyi pakudya, pafoni, ngakhale potuluka m'tchalitchi.

"Achemwali, zinthu izi simungazimvetse," ankatero. "Iyi ndi history."

Misozi ankangoti, "Chabwino, achimwene." Koma mumtima ankanyansidwa. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, kulera zitsulo!

Tsiku lina Rowland analengeza kuti Loweruka kubwera alendo, azungu a kalabu ya osonkhanitsa mfuti, motsogozedwa ndi mkulu wina dzina lake Watson. Akakhutira ndi Nambala 14, amulowetsa m'kalabumo. Anayankhula ngati akunena za kulowa kumwamba.

"Nyumba iwale," anatero akuthamangira sitima Lachisanu. "Everything, please."

Tsono Misozi analeredwa ndi mayi amene ankati poto wakuda ndi manyazi a mkazi. Kwawo alendo akamabwera umakwecha chilichonse chachitsulo mpaka udziwonemo nkhope. Anakwecha mapoto, anakwecha masipuni, kenaka anaimirira pabalaza n'kuyang'ana khoma lija. Zoona azungu adzaone dzimbiri limeneli, adzanene kuti m'nyumba muno mulibe mkazi? Mlamu wake Lucy anali ku ntchito kuchipatala, panalibe womufunsa.

Anatsitsa Nambala 14 poti ndiyo inali yonyansa kuposa zonse. Sitiliwaya analephera. Anakatenga sandipepa m'galaja, nakhala pansi atatambalala, mfuti pamiyendo, akuimba nyimbo ya kwaya. Pafupi ndi chogwirira panali timizere tosunga litsiro. Anatikwecha ndi mphamvu zake zonse mpaka panasalala. Anaipukuta, naikulunga m'nsalu yofiira imene Rowland anakonza kuti adzavundukule pamaso pa alendo. Anagona mokondwa, poganiza kuti mwina mawa mlongo wake amuyamikako kamodzi.

Loweruka masana alendo anafika, madala atatu a majekete onunkha fodya. Rowland anasintha mawu, Chingerezi chikutulukira m'mphuno, kuseka nthabwala zisanathe. Misozi analowa ndi thireyi ya tiyi, nayembekeza kuti amutchule kuti awa ndi achemwali anga. Rowland anangomulozera patebulo ndi chibwano.

Kenaka inakwana nthawi. Rowland anavundukula nsalu ija pang'onopang'ono ngati wansembe.

Mfuti inawala ngati poto watsopano. Watson anavala magalasi, naitembenuza uku ndi uku, napitapo chala pamalo posalala paja. Anafunsa mwaulemu wozizira kuti nambala ija ili pati. Mnzake wina anatsokomola pobisa chiseko. Wachitatu ananena kuti mfuti yopanda nambala ndi chitsulo chabe, ndiponso apolisi sakondwa nazo zoterozo.

Rowland anatuwa. Maso ake anali pa Misozi, amene anali ataima pakhomo ndi mbale ya masikono. Apa mpamene Misozi anazindikira chimene anachita. Anatsegula pakamwa kuti apepese. Akanagwada pomwepo, pamaso pa azunguwo, chifukwa kulakwa analakwadi.

Koma Rowland anatembenukira kwa Watson, akumwetulira ngati galu wopempha fupa.

"I'm so sorry. It's the cleaner," anatero. "Mukudziwa anthu awa. They don't know anything."

Mawu akuti cleaner, wantchito, Misozi anawamva bwinobwino. Chingerezi chake chinali chochepa, koma osati choperewera pamenepo. Kupepesa kuja kunabwerera kukhosi. Anamuyang'ana mwamuna uja, amene anamupukuta mamina, amene anamusiyira sukulu kuti iye apitirize, ndipo sanamve mkwiyo. Anamva kunyansidwa kokhakokha. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Amene ananena mawuwo sanafike ku Wakefield.

Anaika mbale patebulo mosamala, navula epuloni, naipinda. Anakwera kuchipinda, nalonga zovala zake m'chikwama chimene anabwera nacho. Ankadziwa mayi mmodzi wa kutchalitchi, Modester, amene ankasamalira okalamba ku Rotherham. Kaya akamulandira, kaya boma likamutaya kuti, sankadziwa, ndipo mantha anali nawo.

Akutsika, Rowland anamutsekereza m'khonde, akunong'ona kuti alendo asamve.

"Achemwali, mukupita kuti? Don't make a scene. Nanga chakudya cha alendo apakule ndani? Tikambirana madzulo."

"Achemwali ake ndani?" anafunsa Misozi mokweza, kuti ngakhale a pabalaza atembenuke. "Iwe Rowland, mlongo wako unamusiya ku Ndirande. Muno munali wantchito."

Anatsegula chitseko, mphepo yozizira n'kulowa.

"Ndipo wantchito waweruka."