Zitsa za Mango ku Dwambazi

Anafika Lachiwiri m'mawa pa lole, amuna asanu ndi makina awiri ochekera mitengo. Anawatuma ndi a Steward, amene ankafuna minda yathu ya ku Dwambazi kuti adzalemo nzimbe. Kukhoti anali atanena kuti malowo ndi tchire, palibe analimapo.

Ine ndinali nditatha miyezi itatu ndikuzungulira m'mindamo ndi foni ndi chingwe. Anti Flossie a kubungwe lothandiza alimi pa milandu ya malo ndiwo anandiphunzitsa: mtengo wa mango uliwonse ndiujambule, ndiyeze thunthu lake, foni isunge pamene waima, ndifunse amene anaudzala. Inakwana 214. Pakompyuta, madontho ake anaonetsa malire a munda uliwonse, poti mango samera okha mumzere.

Makina atalira, amalume a Kalilu anathamanga n'kukakumbatira mtengo umene anadzala mayi awo.

"Madala, chokani. Tikuchekerani kumodzi," anatero wamakinayo.

"Cheka, mwana wa Tahiru iwe. Kujando unalirira m'manja mwangamu."

Anzake anaseka. Iye anatola mpini wa nkhwangwa n'kuwamenya nawo pakamwa. Mano awiri anagwera m'fumbi. Amalume atagwa anawapondaponda m'nthiti, dzanja lawo linathyoka ngati phesi. Ine ndinangokweza foni kuti ndijambule. Wina anandiona. Anandipotokola mkono, kundiwomba mbama mpaka khutu kulira, kenako anaika foniyo pamwala n'kuiphwanya.

"Kawerengenso, asikana apasukulu."

Pofika Lachinayi panalibe mtengo woimirira.

Sanadziwe kuti Lachisanu lililonse zonse ndinkazitumiza kwa Anti Flossie. Tsiku limene khoti linabwera kudzaona malowo, woyeza malo anatenga mapu anga n'kuyamba kutsata madontho. Dontho loyamba, chitsa. Dontho lachiwiri, chitsa, utuchi ukadali pansi. Iye ankazunguliza tepi, ine n'kumawerenga nambala ya papepala. Zinkafanana. Tili pa chitsa cha 60, woweruza anapukuta thukuta n'kunena kuti waona zokwanira.

Minda inatsala yathu. Amalume chimanga chootcha anasiya, ndipo dzanja lija silipinda. Sabata yatha anandiitana kumunda, ataima pafupi ndi chitsa cha mayi awo, pamene anakwirira mbande yofika m'bondo.

"Bushra, katenge kachingwe kako kaja," anatero. "Uyu umulembe nambala wani."