Geti la Mpongozi

Maso atayamba kuchita chidima, Atelala anasiya kusoka, ndipo mwana wawo wamwamuna anawatenga kuti azikakhala kwake, kunyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Anawapatsa chipinda cha kuseri, choyang'anizana ndi thanki ya madzi.

Anzawo awiri, Anamwino opuma ntchito ndi mayi wina wolongolola amene onse ankangowatcha Achimkamwa, ankabwera masana kudzacheza. Ankaseka mpaka kutsokomola, makapu a tiyi ali mbwee pabalaza. Mkazi wa mwana wawo zimenezi zinkamunyansa.

"Amayi, pano si pamsika," anatero mpongoziyo tsiku lina, akupukuta tebulo mwaukali. "Anzanuwa amanunkha mankhwala opaka m'mawondo. Alendo anga akabwera ndimasowa poika nkhope."

"Nawe mawondo akudikira, mwananga," anayankha Atelala. "Ukalamba sulumpha khomo."

Kuyambira pamenepo geti linkakhala chikiyire, kiyi ali m'chikwama cha mpongozi kuntchito. Anzawo aja akagogoda, Atelala ankacheza nawo pa kabowo ka loko, kuonana diso limodzi. Anamwino anatopa n'kusiya kubwera. Atelala anayamba kumangogona, chakudya n'kumachijompha ngati nkhuku yachitopa. Atadandaula kwa mwana wawo, iye sanachotse n'komwe maso pafoni.

"Mukusowa chiyani pano? Mumadya, mumagona pabwino."

"Mbuzi ya pachingwe nayo imadya," anatero mayi ake.

Loweruka lina Achimkamwa anapeza geti lili lotsegula, mpongozi akutsuka galimoto. Analowa osaodira.

"Mwabwera kwa ndani?" anafunsa mpongozi.

"Kwa mkaidi wanu. Ndamva kuti lero ndi tsiku loona akaidi."

"Tulukani! Pano ndi panga!"

"Panu pomwe, mayi. Mpandawu muzicheza nawo mukadzakalamba."

Mpongozi anawalozetsa paipi, madzi n'kuwanyowetsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Atelala anaona zonse pawindo la pabalaza. Anamanga zovala zawo m'nsalu n'kutuluka, ndodo ili patsogolo. Mwana wawo anawathamangira.

"Amayi, anthu adzati chiyani?"

"Adzanena zoona. Ndipatuke."

Achimkamwa ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya kalipentala, momwe utuchi unkalowera pansi pa chitseko. Atelala anakakhala nawo m'menemo. Sikuti awiriwa anakhalamo mwamtendere. Anakangana za windo, wina akufuna mphepo, wina akuopa chifuwa. Anakangana za mkonono, aliyense akuti ndi wa mnzake. Koma Atelala anayambanso kumaliza chakudya m'mbale, mwina kuti apeze mphamvu zoyankhira.

Mwana wawo anabwera kudzawatenga, mkazi wake atatsalira m'galimoto, magalasi atakweza.

"Mungamakhale m'fumbi muno, amayi? Ndi munthu amene amakutukwananiyu?"

"Amanditukwana akundiyang'ana kumaso," anatero Atelala. "Pita, mkazi wako akupsa ndi dzuwa."

Mwanayo anapita popanda mayi ake. Galimoto isanakhote n'komwe, Achimkamwa anali atayamba kale kufunsa amene wamaliza shuga.