Miphika ya Ba Ng'andu

"Uyu nawo ni wako," anatero Ba Chabala, akukankhira mphika wina kumapazi kwa Lukonde.

Lukonde anauyang'ana n'kupumira m'mwamba. Mphikawo unali wopendekera ngati chidakwa, mlomo wake wokhuthala mbali imodzi.

Maliro a bambo ake, Ba Ng'andu, anali atangotha, ndipo abale anasonkhana pabalaza ku Kabwata kuti agawane katundu. Wogawa anali Ba Chabala, mng'ono wa malemu. Masuti, wailesi ya kanema ndi nsapato zinapeza eni ake msangamsanga. Chimene aliyense ankachizemba chinali miphika, ndipo inali mbwee: pawindo, kunsi kwa bedi, ina pamwamba pa firiji.

Ba Ng'andu atapuma ntchito ya ukalaliki ku Longacres anakalembetsa kukoleji kuphunzira kuumba, pamodzi ndi ana amsinkhu wa adzukulu awo. Ankabwera kunyumba zikhadabo zili bii, n'kuyamba kufotokozera aliyense mmene amapotera dongo ngati chingwe, kulisanjikiza ndi kulisalaza ndi chala. Paipi ya kubafa inkatsekeka ndi dongo, ndipo woitana wokonza anali Lukonde yemweyo.

"Ba Tata, ine nikhala mu kachipinda kamozi ku Chelstone," anatero Lukonde kwa bambo ake aang'onowo. "Nizaika kuti vonse ivi?"

"Mwana mukazi ndiye asunga va mu khichini."

"Va mu khichini? Vidontha ivi! Mukathila madzi m'mawa, masana mupeza matope."

Oswell, mlongo wake wa Lukonde, atavala kale jekete ya malemu, anayankha maso ali pafoni. "Titaye chabe kudzala."

"Kutaya katundu wa malemu?" Ba Chabala anatong'ola maso. "Mufuna azitibwelela kutulo?"

"Ndiye tengani imwe, Ba Tata!" anatero Lukonde.

"Basi ya ku Kitwe sinyamula vophwanyika."

Lukonde anadziluma mlomo. Wogonera kuchipatala anali iye, wophikira anthu apamaliro anali iye, lero mphotho yake ndi mapale.

Pakhomo panamveka odi. Anali mtsikana wovala mpango wakuda kumutu, atafungata katoni. Anati dzina lake ndi Alia, wa ku Makeni, ndipo ankaphunzira kalasi imodzi ndi malemu.

"Aphunzitsi anati nibweletse. Yatuluka mu ng'anjo dzulo."

"Ina futi?" Mawuwo anamupulumuka Lukonde asanawagwire.

Alia anavundukula manyuzipepala n'kutulutsa kapu. Chogwirira chake chinali chachikulu mopanda nzeru, chokhotera kumbali, ndipo pamimba pake panali potifuka ngati wina anapadinda ndi chigongono. Oswell anaseka mpaka kutsokomola.

"Anaiumba kambili-kambili," anatero Alia motsitsa mawu. "Akamaliza aphwanya, ati ikalibe kukwana."

"Nipatseni."

Onse anatembenuka. Anali mayi ake a Lukonde, amene chiyambire m'mawa anangokhala pamatiresi pakona. Anatulutsa m'chitenje dzanja lawo lamanja, lomwe linapindika ndi sitiroko chaka chatha. Kuyambira nthawi imeneyo ankamwa chilichonse mochita kumwetsedwa ngati khanda.

Lukonde anagwada n'kuwapatsa kapuyo. Zala zopindikazo zinalowa zonse m'chogwirira, chala chachikulu n'kukhala bwinobwino potifuka paja. Mayiwo anainyamula okha, pang'onopang'ono, mpaka inafika pamlomo. Anaitsitsa n'kuigoneka pamiyendo osaisiya.

"Lukonde," anatero, "nithilileko tiyi."