Mapazi Osamva Moto

Anthu ankangomutchula kuti Nasingano chifukwa cha ntchito yake yosoka zovala. Tsiku lina ataweruka, anapeza bambo ake atakhala pampando m'bafa, mapazi ali m'beseni, nthunzi ili tolotolo. Anaviika chala m'madzimo, n'kuchichotsa akukuwa.

"Ababa, tulutsani miyendo!"

"Chavuta n'chiyani, mwanawe? Madziwa ali bwinobwino."

Anawatulutsa yekha miyendoyo. Mapazi anali psuu, matuza atayamba kale. Matenda a shuga anali atapha mitsempha ya kumapazi kwa mkuluyo, moti ngakhale munga sankaumva. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezo.

Nasingano anawaviika mapaziwo m'madzi ozizira, kenako analunjika pabalaza pomwe mchimwene wake anagona pasofa, maso ali pafoni.

"Achimwene, madzi aja munathira ndinu?"

"Amadandaula kuti akuzizidwa. Ndalakwa kuwathandiza?"

"Munawayesa ndi dzanja?"

"Akanakhala otentha akananena. Pakamwa ali napo."

Nasingano analanda foni ija n'kuiponya pansi pa tebulo.

"Akananena bwanji? Nyongolotsi yeniyeniyo, yopanda maso, ikamva dzuwa imathawira m'dothi. Khanda likakhudza poto limabweza dzanja lisanalire n'komwe. Ababa chowachenjeza chinafa! Dokotala ananena inu mulipo, mukugwedeza mutu ngati gulo. Anati khungu lawo tsopano ndife. Ndiye inu mwawaphika ngati mbatata!"

"Iwe, ndine mkulu wako!"

"Ukulu wa ndevu zokha!"

Bambo aja anakuwa ali m'bafa momwemo. "Mukukanganirana munthu wamoyo ngati mtembo? Itanani galimoto!"

Kuchipatala, namwino anawamanga mabandeji n'kuwauza kuti asaponde pansi mpaka zilonda zitapola, poti chilonda cha munthu wa shuga sichichedwa kuvunda. Pobwerera, ali m'galimoto, bambo aja anadzimenya chibakera pabondo.

"Miyendo yanga yomwe, kundibisira moto! Ndaidyetsa zaka zonsezi."



Atafika, mchimwene uja anabereka bambo ake kumsana mpaka kuchipinda, thukuta lili kamukamu. Potuluka anaima pakhomo, akuyang'ana pansi.

"Mlongo wanga, ndinaiwala."

Nasingano sanamuyang'ane. Anakazula ketulo yowiritsira madzi kukhitchini, naikulunga m'nsalu. M'mawa mwake anapita nayo kushopu kwake, ndipo mwezi wonse mchimwene wakeyo ankasamba madzi ozizira osadandaula.